Mzere wachitatu unalibe waya wa ground: lipoti la ntchito ya sola imene inakanidwa

Mu Okutobala 2022 gulu langa linamanga mapanelo a sola 22 padenga la nyumba ina m'tauni yaing'ono ya kumpoto chakum'mawa kwa United States, ndipo a inspekitala a zamagetsi anaikana ntchitoyo pa ulendo wawo woyamba. Tsiku lomanga ine ndinali pa nyumba ina, koma pa chilolezo pali siginecha yanga, ndiye mlandu ndi wanga. Pepala limene anatisiyira linali ndi mfundo zinayi, zonse zokhudza ground, imene kwathu timaitcha earth. Pa zinayizo, zitatu tinalakwadi. Yachinayi ndinaitsutsa ndipo iwo anagonja, ngakhale kuti nanenso ndinasiyapo tsiku lathunthu la ntchito. Panalinso vuto lachisanu limene iwo sanalione, ifenso sitinalione mpaka titayamba kukonza.

Nyumbayo ndi zimene tinamanga

Ndi nyumba yopanda chipinda chapamwamba, denga la matabwa lokutidwa ndi timatailosi ta phula, garaja yolumikizana ndi nyumba. Magetsi amalowa monga m'nyumba zambiri kuno: mawaya awiri amoto, aliyense mavoti 120 poyerekeza ndi neutral, ndi mavoti 240 pakati pa awiriwo. Breka yaikulu ndi ya ma ampeya 200. Tauniyo inkatsata NEC ya 2020. NEC ndi buku la malamulo a zamagetsi limene bungwe la NFPA limatulutsa zaka zitatu zilizonse, ndipo chigawo chilichonse chimasankha chokha nthawi yoyamba kutsata buku latsopano, moti mutha kuwoloka mlatho n'kupeza kuti tsidya linalo akadali pa buku la zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.

Denga loyang'ana kumwera linali lodzaza kale. Kuno dzuwa limapendekera kumwera, osati kumpoto ngati kwathu ku Malawi, ndiye mbali yabwinoyo inatengedwa mu 2012 ndi kampani ina, imene inaikapo mapanelo 14 okhala ndi ma microinverter, timabokosi tosandutsa magetsi a panelo kukhala a m'nyumba, a Enphase M215 a mtundu woyambirira. Amayi a nyumbayo atagula galimoto yamagetsi anafuna kuwonjezera, ndipo ife tinatsala ndi denga la kumadzulo. Tinaikapo mizere itatu: woyamba mapanelo 9, wachiwiri 9, wachitatu 4 pamwamba pa garaja. Pakati pa mzere woyamba ndi wachitatu pali mpata wa pafupifupi mita imodzi chifukwa cha paipi yotulutsa mpweya wa m'bafa, choncho njanji za aluminiyamu zimene mapanelo amakhalapo sizinapitirire. Zinathera pa paipipo, zina n'kuyambira kutsidya.

Pansi pa panelo iliyonse tinaika microinverter ya Enphase IQ7+, kabokosi kosandutsa DC ya panelo kukhala AC padenga pomwepo. Kalikonse kamatulutsa ma ampeya 1.21 kakafika pachimake, ndipo pa breka ya ma ampeya 20 mumaloledwa kuika 13: 13 kuchulukitsa ndi 1.21 ndi 15.73, mukachulukitsa ndi 125 peresenti imene lamulo limafuna mumafika pa 19.66. Mzere woyamba ndi wachitatu tinaiphatikiza pa breka imodzi, wachiwiri pa breka yake. Masamu amenewa, zolemba zochenjeza ndi malo a mabreka m'bokosi lalikulu, zonse zinadutsa popanda funso.

Liwu limodzi, ntchito ziwiri

Zamagetsi ndinaphunzira kwathu ku Malawi, ndipo kumeneko munthu akati "earth" maganizo amathamangira ku ndodo yachitsulo yokhomedwa pansi, ena n'kuthiranso makala ndi mchere m'dzenjemo. Ndinabwera kuno ndi maganizo omwewo, ndipo ndapeza kuti anzanga obadwira kuno ambiri nawonso ali nawo. Koma NEC imalekanitsa mawaya awiri amene tonse timawatchula kuti ground. Woyamba ndi EGC, waya amene amalumikiza zitsulo zonse zosayenera kukhala ndi moto, monga mafelemu a mapanelo, njanji, mabokosi ndi mapaipi, n'kubwerera nazo ku bokosi lalikulu kumene ground ndi neutral zimakumana. Wachiwiri ndi GEC, waya wopita ku ndodo ya pansi kapena ku chitsulo cha m'maziko.

Amene amagwetsa breka ndi woyambayo. Lamulo limalola ndodo imodzi yokha ngati ikuwerenga ma ohm 25 kapena kutsika. Tiyerekeze kuti waya wamoto wakhudza felemu, ndipo njira yokhayo yobwerera ndi ndodo ya ma ohm 25 imeneyo. Mavoti 120 kugawa ndi 25 ndi ma ampeya 4.8. Breka ya 20 singamve n'komwe. Felemuyo ikhala ndi moto mpaka wina adzaigwire. Ngakhale pa mavoti 230 a kwathu, mupeza ma ampeya 9.2, osakwanabe. N'chifukwa chake ndime 250.4(A)(5) ya NEC imanena poyera kuti dothi lisawerengedwe ngati njira yobwezera moto wa fault, umene wathawira pa chitsulo. Waya wamkuwa wobwerera ku bokosi lalikulu sufika ngakhale pa ohm imodzi, moto umathamanga wambiri, breka n'kugwa nthawi yomweyo.

Pa denga la ma microinverter pali chinthu china chimene anyamata atsopano sachiganizira. Moto woopsa pa felemu suchokera kwenikweni ku dzuwa. Chingwe cha AC chimene chimayenda pansi pa mapanelo n'cholumikizidwa ku breka, ndipo breka ili ku magetsi a kampani. Pakati pa usiku, ma microinverter atagona, chingwecho chimakhalabe ndi mavoti 240 ochokera pansi. Chikatswanyika pansi pa kilampu, kapena agologolo akachitafuna, zimene amachita kwambiri m'dera lino, ndi mphamvu ya thiransifoma ya mumsewu imene imakwera pa njanji.

Mfundo yoyamba: mzere wachitatu

A inspekitala anali bambo wachikulire, wosalankhula kwambiri. Anakwera makwerero, nasuzumira pansi pa mzere uliwonse ndi tochi ndi kagalasi. Pa mzere woyamba anapeza lug, kachitsulo komangirira waya wa ground ku njanji, ndi waya wamkuwa. Pa wachiwiri chimodzimodzi. Pa wachitatu anazungulira kawiri, kenako anatsika n'kuyamba kulemba.

Madzulo ndinafunsa mkulu wa gululo, amene anyamata amawatcha madala chifukwa ayamba kale ntchitoyi. Yankho lawo linali lakuti mzere wachitatu ukutenga ground kudzera m'chingwe chochokera ku mzere woyamba. Sikuti ankanama mwadala. Zaka zawo zambiri anagwira ndi M215 ndi M250, zimene chingwe chake cha Engage chinali ndi mawaya anayi mkati: amoto awiri, neutral ndi wobiriwira wa ground. Koma kuyambira pa IQ6, chingwe ndi Q Cable, ndipo muli mawaya awiri okha, wakuda ndi wofiira. Mulibe neutral, mulibe ground. Bokosi la IQ ndi lapulasitiki lotetezedwa kawiri, la gulu lotchedwa Class II, ngati chodulira tsitsi chimene pulagi yake ilibe phini ya earth. Buku la kampaniyo limanena kuti microinverter yokhayo sifuna EGC kapena GEC.

Chiganizo chimenecho n'choona, koma chimanena za kabokosi kokha. Anthu amachiwerenga ngati chikunena za denga lonse. Ndime 690.43 ikuti zitsulo zoonekera za mapanelo, za zipangizo ndi za mabokosi a mawaya zilumikizidwe ku EGC, kaya mavoti ndi angati. Microinverter ikasiya kubwera ndi waya wobiriwira, ndiye kuti wayayo mubwere naye inu.

Tsiku lotsatira ndinakwera ndekha ndi mita yoyezera ma ohm ochepa ndi waya wautali. Ndinazimitsa mabreka onse a sola, n'kuikapo loko. Ndinachotsera kaye ma ohm a waya wautaliwo, kenako mbali imodzi ndinaimanga pa ground ya m'bokosi la padenga, inayo ndikuyenda nayo. Apa pali msampha: aluminiyamu ya njanji ndi mafelemu ili ndi khungu lolimba lopangidwa ku fakitale, limene silidutsitsa magetsi. Mukangogunditsa nsonga ya mita pamwamba pa felemu, ikuuzani kuti palibe kulumikizana ngakhale pamene kulipo. Muyenera kuyeza pa bawuti, m'kati mwa bowo, kapena pamene njanji inadulidwa. Mizere iwiri yoyamba inawerenga pansi pa 0.1 ohm, malire amene muyezo wa UL 2703 umaika pa njira yolumikizira zitsulo. Mzere wachitatu mita sinawerenge kanthu. Njanji zake zinali zomangidwa ndi mabawuti olowa m'mitanda yamatabwa, ndipo thabwa louma silitenga moto kupita kulikonse. Mapanelo 4, njanji ziwiri, chingwe cha mavoti 240 chikudutsa pansi pake, ndipo pamunsi pake pali ngalande ya madzi a mvula imene mnyamata woyeretsa masamba amaigwira ndi manja Novembala aliyense.

Kukonza kwake kunali kwa mphindi makumi atatu. Tinaika lug ya kampani yomweyo ya njanji pa mzere wachitatu, n'kukoka waya wamkuwa wosakutidwa wa 6 AWG (muyezo wa kunenepa kwa waya, nambala yaing'ono ndi waya wonenepa) kuchokera pa lug ya mzere woyamba. Wina angafunse chifukwa chogwiritsira waya wonenepa chonchi, pafupifupi 13 mm², pamene tebulo 250.122 likuti pa breka ya ma ampeya 20 waya wa 12 AWG, wa 3.3 mm², ndi wokwana. Yankho lili pa 250.120(C): EGC yochepera 6 AWG iyenera kutetezedwa m'paipi kapena m'chingwe chokhala ndi chitsulo. Padenga, pamene waya amayenda poyera, n'kosavuta kungogula wonenepayo kusiyana n'kukangana za tanthauzo la liwu lakuti kutetezedwa. M'bokosi la padenga timasintha kupita ku waya wobiriwira wa 10 AWG, amene amatsika m'paipi imodzi ndi mawaya amoto, monga 690.43(C) imafunira. Wobiriwirayo akhale wobiriwira kuchokera ku fakitale. Pa mawaya ang'ono chonchi kukulunga tepi yobiriwira pa waya wakuda sikuloledwa.

Mfundo yachiwiri ndi yachitatu

Yachiwiri inali ya manyazi chabe. Pa mzere wachiwiri lug inali yomangidwa ndi sikuluwu yodzibowolera yokha, ija timamangira malata. Ndime 250.8 imatchula njira zololedwa, ndipo sikuluwu ya makina iyenera kugwira mano osachepera awiri kapena kukhala ndi nati. Ya malata mulibe. Kuwonjezera apo waya wamkuwa unali utagona pa njanji mtunda wa mkono wathunthu. Mkuwa ndi aluminiyamu zikakhudzana pamalo onyowa, aluminiyamu imadyeka pang'onopang'ono, ndipo kuno chipale chofewa chimakhala pansi pa mapanelo milungu ingapo chikusungunuka. N'chifukwa chake ma lug a panja amakhala amkuwa wokutidwa ndi tini, sikuluwu yake ya chitsulo chosachita dzimbiri. Tinasintha lug, wayayo tinaunyamula ndi timakilipu kuti asakhudze njanji pena paliponse kupatula pa lug. Bokosi la padenga, lomwe ndi lachitsulo, tinalipezanso lisanamangiridwe ku waya wobiriwira. A inspekitala sanalitsegule, koma tinakonza.

Yachitatu inali ya mapepala, ndipo anthu ambiri a manja abwino amaipeputsa. Masiku ano sitikokanso waya ku felemu iliyonse. Makilampu ogwira mapanelo ali ndi timano timene timaboola khungu la aluminiyamu, felemu n'kulumikizana ndi njanji, ndipo lug imodzi imakwanira mzere wonse. Njanji yam'mwamba imapeza ground kudzera m'mafelemu a mapanelo omwewo. Koma 690.43(A) ikuti zipangizo zimenezi zikhale zoyesedwa ndi zolembedwa kuti ndi za ntchito imeneyo, ndipo kuyesa kwa UL 2703 kumachitika njanji ndi panelo zili limodzi. Buku la njanji iliyonse lili ndi mndandanda wa mitundu ya mapanelo imene inayesedwa nayo. Ife pa pulani tinalemba panelo ina, koma sabata yomanga itakwana mtunduwo unali utatha kogula, tinatenga wina wa kampani yomweyo ndi mawati omwewo. A inspekitala anawerenga nambala ya pa chizindikiro cha panelo, anatsegula buku limene tinawapatsa tokha, nambalayo mulibe.

Madala anakwiya, amvekere felemu ndi yomweyo, makulidwe ndi omwewo, ngakhale mwana angaone. Mwina n'zoona. Koma a inspekitala sangayeze makulidwe a khungu la felemu ali pa makwerero, ndipo ndime 110.3(B) imawauza kuti chipangizo cholembedwa chimangidwe motsatira malangizo ake. Mwayi wathu unali wakuti buku limene tinasindikiza linali lakale. Pa tsamba la pa intaneti la kampani ya njanji panali latsopano, ndipo panelo yathu inalimo. Tinasintha pulani ku ofesi, n'kuphatikizapo tsambalo. Ikanapanda kukhalamo, tikanayenera kuika lug pa bowo la ground la felemu iliyonse, ma lug 22, kapena kusintha mapanelo. Safunsa anadya phula: amene anavomera kusintha panelo pa foni osatsegula mndandanda ndine.

Mfundo yachinayi: pamene tinasiyana maganizo

Pepala linati ma microinverter onse alumikizidwe ndi GEC yosaduka ya 6 AWG yopita ku ndodo, "monga zilili pa denga la kumwera". Ndinamvetsa kumene maganizowo anachokera. Anaima pabwalo, mbali imodzi akuona waya wamkuwa akudutsa pa M215 iliyonse n'kutsika khoma, mbali inayo palibe. Nyumba imodzi, kampani ya inverter imodzi, kamangidwe kosiyana. Aliyense angakayikire.

Denga la kumwera linamangidwa molondola pa nthawi yake. M215 yoyambirira inali ndi bokosi lachitsulo, ndipo mbali yake ya DC inkalumikizidwa ku ground mkati momwemo, choncho buku lake linkafuna GEC. Pambuyo pake kunabwera M250 ndi M215 yokhala ndi zilembo IG, zimene DC yake inalekanitsidwa ndi ground, GEC n'kusiya kufunika, waya wobiriwira wa m'chingwe cha Engage n'kukhala wokwanira. IQ inachotsanso wobiriwirayo. Pa zaka zosakwana khumi, yankho lolondola linasintha kawiri. Malamulo nawo sanakhazikike. Ndodo yapadera ya mapanelo inali yokakamiza mu NEC ya 2008 pa 690.47(D), inachotsedwa mu 2011, inabwerera mu 2014, kenako mu 2017 inasanduka chinthu chololedwa koma chosakakamiza. Munthu amene wayendera madenga m'zaka zonsezi ali ndi malamulo anayi m'mutu, ndipo sindimuona ngati mbuli akasokoneza.

Sindinakangane nawo pabwalo, pamaso pa mwini nyumba. Ndime 90.4 imapatsa ofesi yawo mphamvu yotanthauzira malamulo, ndipo munthu wamkulu ukamuchititsa manyazi pagulu, ngakhale uli ndi buku m'manja, waluza. Ndinapempha nthawi ku ofesi kwawo m'mawa, ndinapita ndi mapepala atatu okha. Loyamba, ndime 690.47(A) ya buku la 2020, imene imati pa dongosolo la sola limene DC yake sinamangiridwe mwachindunji ku ground, EGC ya mawaya otuluka, yolumikizidwa ku bokosi limene lili kale pa ndodo za nyumba, imaloledwa kukhala njira yokhayo yopita ku dothi. Lachiwiri, tsamba la buku la IQ lonena za Class II. Lachitatu, chithunzi cha IQ7+ yeniyeniyo, kusonyeza kuti palibe ngakhale malo omangirapo waya. Ndinati, "Bwana, ndithandizeni kuona pamene ndingaumange wayayo osaboola chipangizo cholembedwa."

Anawerenga mwakachetechete kwa nthawi, natsegula buku lawo kuti atsimikize kuti sindinadule chiganizo pakati. Kenako anafufuta mfundoyo. Koma asanandibwezere pepala, chala chawo chinatsika pa tsamba lomwelo la Enphase, pamene pakuti ofesi yoyendera itha kufuna kuti kachitsulo komangira microinverter kalumikizidwe ku njanji, ndipo ikatero mugwiritse zipangizo za UL 2703 kapena mawashala a mano. Anafunsa kuti tinamangira chiyani. Ndinaimbira madala pomwepo. Mabawuti a kampani ya njanji, amene amakhala ndi mano, anali atakwanira ma microinverter 12 okha. Otsalawo anamangidwa ndi mabawuti wamba a m'galimoto.

Mwa maganizo anga, kachitsulo kameneko sikangakhale ndi moto kuchokera mkati mwa bokosi lotetezedwa kawiri, ndipo ngozi yake ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi ya mzere wachitatu. Koma pepala limene ndinabwera nalo kudzapambanira mlandu ndi lomwelo limene linawapatsa ufulu wofunsa. Sindikanatenga theka la tsamba n'kukana theka linalo. Ndinavomera.

Kunyamula mapanelo

Microinverter ili pansi pa panelo, ndiye kusintha bawuti yake ndi kumasula makilampu n'kunyamula panelo. Popeza palibe amene ankakumbuka kuti 12 abwinowo ali pati, tinanyamula onse. Linali tsiku lathunthu, anthu atatu, mphepo ya kumapeto kwa Okutobala ikulowa m'mafupa.

Ziwiri zofunika pa ntchito yotere. Choyamba, mukachotsa mapanelo, njanji yam'mwamba imataya njira yake ya ground, chifukwa njirayo ndi mafelemu amene mwachotsawo. Mabreka akhale ozimitsa ndi okhoma tsiku lonse, osati kudalira kuti ma microinverter azima okha. Chachiwiri, si chilichonse cha mano chimene chimabwerezedwa. Mawashala a WEEB, amene anayamba ndi kampani ya Wiley Electronics ndipo ali ponseponse pa madenga a zaka za M215, ndi a ulendo umodzi: akamangidwa mano ake amaphwanyika polowa m'aluminiyamu, mukamasula mumaika watsopano. Makilampu athu buku lake linalola kuwamanganso, ndipo tinatsegula bukulo kaye tisanakhudze sipanala. Bawuti iliyonse tinaimanga ndi sipanala yoyeza mphamvu, pa nambala ya m'buku, n'kuilemba chizindikiro ndi peni ya penti. Dirilo yomenya ija anyamata amaikonda chifukwa cha liwiro, koma imasiya ina yolimba mopitirira, ina mano asanalowe.

Mzere uliwonse tisanauphimbe ndinajambula zithunzi: bawuti, lug, waya pa timakilipu. Nditamaliza ndinayezanso felemu iliyonse, zonse 22, ndipo zonse zinali pansi pa 0.1 ohm kufika pa lug ya mzere wake. Manambalawo ndinawalemba pa pepala limodzi.

Vuto lachisanu

Pokonzekera zokakumana ndi a inspekitala ndinafuna kujambula GEC ya denga la kumwera kuti ndisonyeze kusiyana kwake. Ndinautsata wayayo kuchokera padenga, kutsika khoma, mpaka kuseri kwa paipi yotsitsa madzi a mvula. Pamenepo unali wodulidwa, nsonga zonse ziwiri zopindidwira kukhoma, mpata wa chikhatho pakati pake. Amayi aja anakumbuka kuti anthu ena anadzasintha ngalande chaka chapitacho. Zikuoneka kuti wayayo ankawatchinga.

Dongosolo lakalelo silinali lolendewera kotheratu ngati mzere wathu wachitatu, chifukwa chingwe cha Engage chinali chikadali ndi waya wake wobiriwira. Koma M215 imeneyo buku lake limafuna GEC, ndipo wayayo ndi amene amapita ku ndodo ya dongosololo n'kukalumikizana ndi ndodo za nyumba. Ntchito imeneyi sinali pa chilolezo chathu. Ndinawauza amayiwo, anavomera kulipira, ndipo ndinauza a inspekitala ndekha. Ndime 250.64(C) ikuti GEC ikhale yosaduka, kapena ilumikizidwe ndi cholumikizira chofinya chosamasulika, kapena kuwotcherera kwa ufa woyaka. Bawuti yong'ambika pakati ija imene ambiri amathamangira siloledwa pamenepa, popeza amene waimanga ndi sipanala, wina adzaimasula ndi sipanala. Tinaika chidutswa chatsopano cha 6 AWG ndi zofinya ziwiri, n'kuusunthira wayayo kutali ndi paipi ya madzi.

Ndodo imene amayi ankafuna

Ataona zonsezi, amayi aja anafunsa ngati sitingakhome ndodo ina pafupi ndi garaja ya mapanelo atsopanowo, chifukwa cha mphenzi. Ndinawamvetsa bwino, ndinakulira kumene dzinja lililonse timamva za munthu kapena ng'ombe zimene mphenzi yapha. Lamulo limalola: 250.54 ndi 690.47(B) zimavomereza ndodo yowonjezera yomangidwa ku EGC, bola isalowe m'malo mwa EGC.

Ndinawalangiza kuti asatero. Mphenzi ikagwa pa mtengo wapafupi, dothi la mbali imodzi ya nyumba limakhala ndi mavoti osiyana kwambiri ndi la mbali inayo kwa kanthawi kochepa. Mukakhala ndi ndodo kumadzulo ndi ndodo zina kum'mawa, zolumikizidwa ndi waya wobiriwira yekha wodutsa m'nyumba, mwaipatsa mphamvuyo njira yodutsa padenga, m'paipi, m'bokosi lophatikizira mawaya mpaka m'bokosi lalikulu. Ena m'ntchito yathu amaona mosiyana, ndipo kusinthasintha kwa 690.47 kuja ndi umboni wa mkangano womwewo. Komanso ground ya NEC si chitetezo cha mphenzi yogwa padenga penipeni. Chimenecho chili ndi buku lakelake, NFPA 780, ndi amisiri akeake. Chimene tinachita ndi kuika chipangizo choteteza ku kulumpha kwa mavoti m'bokosi lalikulu. NEC ya 2020 pa 230.67 imachifuna pa nyumba zogonamo pamene zipangizo zolandirira magetsi zili zatsopano kapena zikusinthidwa. Pano sichinali chokakamiza, koma amayiwo anachisankha m'malo mwa ndodo.

Ulendo wachiwiri

A inspekitala anabweranso patapita masiku 9. Anayambira pa mzere wachitatu, anagwedeza waya pa lug ndi chala, kenako anapempha kuti tinyamule panelo imodzi ya kusankha iwo. Anasankha yachisanu ndi chiwiri pa mzere wachiwiri. Anaona bawuti ya mano ndi chizindikiro cha penti, anayang'ana zithunzi pa foni yanga mpaka cha nambala 10 n'kundibwezera. Pepala la manambala a ma ohm analipinda n'kuliika m'faelo yawo. Pa zofinya za kukhoma la kumwera anakhalapo nthawi yaitali kuposa padenga, akufunsa nambala ya chibwano chimene tinafinyira. Anasaina, ndipo kampani ya magetsi inapereka chilolezo choyatsa patapita milungu iwiri.

Ku kampani yathu kukanidwaku kunadya ndalama ya ulendo wachiwiri wa a inspekitala, ya kusintha pulani, ndi malipiro a anthu atatu a tsiku limodzi ndi theka. Pa pepala limene mkulu wa gulu amadzaza asanatsike padenga tinawonjezerapo mizere itatu: chiwerengero cha mizere ya njanji yosalumikizana ndi chiwerengero cha ma lug, zimene ziyenera kufanana, nambala ya panelo imene yafikadi ndi tsamba la mndandanda pamene ikupezeka, ndi dzina la chingwe cha AC pamodzi ndi chiwerengero cha mawaya ali mkati mwake.

Ma M215 a kumwera ali ndi zaka zoposa khumi tsopano, ndipo awiri anali atasiya kale kutulutsa moto pamene tinali pamenepo. Amayi aja akuganiza zowasintha onse ndi a IQ. Ndalemba kale m'faelo ya nyumbayo kuti tsiku limenelo chingwe cha Engage chidzachoka pamodzi ndi waya wake wobiriwira, ma WEEB onse a pansi pa mapanelo 14 adzafunika atsopano, ndipo paipi yotsika kuchokera padenga la kumwera itsegulidwe kuti tione ngati EGC ya mkatimo idzafike pa njanji kapena idzathere m'bokosi.